Nsambo Zisanu: Banjo ndi Zimbale Zatsopano za Bluegrass ndi Folk

NYIMBO: Foggy Mountain Breakdown, ya Lester Flatt ndi Earl Scruggs. Ilire masekondi 40, kenaka itsike pansi pa mawu.

WOWULUTSA: Chomwe chikulira m'makutu mwanumo ndi banjo, ndipo musaganize kuti makina athu athamanga. Liwiro limenelo ndi la zala zitatu za Earl Scruggs, pomwe ankajambula nyimboyi mumzinda wa Cincinnati ku America mu Disembala 1949.

Lero ndakutengerani zimbale zingapo za bluegrass ndi folk zomwe zatuluka mu 2024 ndi 2025, zambiri mwa izo za oimba amene sali m'manja mwa makampani akuluakulu. Ndikudziwa kuti m'dziko muno mayina a Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly Parton si achilendo, agogo ndi adzukulu omwe amawadziwa. Bluegrass ndi mbale wake wa nyimbo za country zomwezo, koma iye anakana ng'oma, anakana magitala a magetsi, n'kutsalira pa nsambo ndi pakhosi basi. Tisanafike pa zatsopano, ndiloleni ndikuuzeni zoyenera kutcherera khutu, chifukwa munthu womva nyimbozi koyamba amangoti zonse n'zofanana.

Nkhani imayambira kwa Bill Monroe, chitsirizira m'banja la ana 8, wobadwa mu 1911 pafupi ndi kamudzi ka Rosine m'chigawo cha Kentucky. Makolo ake onse awiri atamwalira iye akadali mnyamata, anakakhala kwa amalume ake, a Pendleton Vandiver, katswiri wa vayolini amene ankaitanidwa kukaimba m'magule a kumidzi. Mphwawoyo ankawaperekeza n'kumawathandizira kuimba. Panalinso mphunzitsi wina amene Monroe sankamuiwala pofotokoza za ubwana wake: Arnold Shultz, munthu wakuda woimba gitala ndi vayolini, yemwe anamulowetsa m'kaimbidwe ka blues. Shultz anamwalira mu 1931 popanda kujambulidwa nyimbo ngakhale imodzi. Dzinali lisungeni, tibwererako.

Mu 1939 Monroe ndi gulu lake la Blue Grass Boys, lomwe analitcha potengera dzina lodziwika nalo la kwawo ku Kentucky, anayamba kuimba pa Grand Ole Opry, pulogalamu ya Loweruka madzulo ya wailesi ya WSM ku Nashville. Wailesi ndiyo inafalitsa nyimbozi, kuzifikitsa kwa alimi a fodya, okumba malasha ndi ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Kumapeto kwa 1945 m'gululi munalowa Earl Scruggs, mnyamata wa zaka 21 wa ku North Carolina, n'kupezamo Lester Flatt pa gitala. Zomwe anthu amenewa anaimba limodzi kufikira 1948 ndizo zinakhala muyeso wa bluegrass mpaka lero.

Zida zake n'zowerengeka. Pali banjo ya nsambo zisanu, yomwe nsambo yachisanu ndi yaifupi ndipo imalira mawu amodzimodzi osasintha, chala chachikulu chikumaigunda pafupipafupi. Pali mandolini, kachida kakang'ono ka nsambo 8 zokhala ziwiriziwiri, kamene Monroe mwini ankaimba. Pali gitala, vayolini, ndi bezi yaikulu yoimika pansi. Magulu ena amawonjezera dobro, gitala yogoneka chagada imene woimba amatsetsereza kachitsulo pa nsambo. Akuluakulu amene munamvapo gitala ya hauyani ya a Ndiche Mwarare mukuadziwa kale maliridwe amenewa.

Nanga popanda ng'oma, nyimbo ikuyenda bwanji? Mvetserani bezi: imagunda, kenaka mandolini n'kuyankha ndi kamkokomo kodukiza, tcha! Gu, tcha, gu, tcha. Ng'oma yawo ndi imeneyo. Chachiwiri choti mumve ndi kusinthana. Kale gulu lonse linkazungulira maikolofoni imodzi, ndipo aliyense ikafika nthawi yake ankasendera kutsogolo, kuonetsa luso lake, n'kubwerera kuti apatse mpata mnzake, monga achitira ovina polowa m'bwalo mmodzimmodzi ena akuomba m'manja. Chachitatu ndi mawu: okwera kwambiri, achisoni, awiri kapena atatu olukana, ochokera ku kaimbidwe ka m'matchalitchi a kumapiri a Appalachia.

NYIMBO: Uncle Pen, ya Bill Monroe. Mphindi imodzi.

WOWULUTSA: Imeneyo Monroe anaipeka pokumbukira amalume ake aja. Tsopano funso limene ambiri safunsa: kodi banjo kwawo n'kuti?

Mukaona zithunzi za magulu a bluegrass mungalumbire kuti ndi chida cha azungu a kumapiri. Ayi ndithu. Banjo inapangidwa ndi anthu a ku Africa amene anagwidwa ukapolo n'kutengedwera ku zilumba za Caribbean ndi ku America. Ankadula chipanda, kukutapo chikopa, kulowetsa mtengo, n'kumanga nsambo, potsatira zida zomwe anazisiya kwawo kuzambwe kwa Africa. Mpaka lero Ajola a ku Senegal ndi Gambia ali ndi chida chotchedwa akonting, cha nsambo zitatu, imodzi yaifupi yogundidwa ndi chala chachikulu, ndipo kagwiridwe kake n'kofanana modabwitsa ndi kaimbidwe kakale ka banjo. Dokotala wina wa ku Britain, Hans Sloane, anaona zida zoterezi kwa akapolo ku Jamaica cha m'ma 1687, ndipo Thomas Jefferson, yemwe anali ndi akapolo akeake, analemba m'ma 1780 kuti chidachi anthu akuda anabwera nacho kuchokera ku Africa.

Chinachitika pambuyo pake n'chowawa. Kuyambira m'ma 1830 ndi 1840, azisudzo achizungu anayamba kudzipaka mwaye kumaso, kunyamula banjo, n'kumaseka anthu akuda pamaso pa khamu. Zisudzo zimenezi zinatchuka kwa zaka zambiri, mafakitale n'kuyamba kupanga mabanjo ochuluka. Makampani ojambula nyimbo atafika m'ma 1920, anagawa msika potengera khungu: wakuda aziimba blues, mzungu aziimba za kumapiri. Magulu a anthu akuda oimba vayolini ndi banjo, omwe analipo ambiri, anasowa pokhala, ndipo adzukulu awo anakula osadziwa kuti chidachi chinali cha agogo awo.

N'chifukwa chake chimbale choyamba chimene ndikukulangizani ndi cha Rhiannon Giddens ndi Justin Robinson, chotchedwa What Did the Blackbird Say to the Crow, chomwe chinatuluka mu Epulo 2025. Awiriwa ndi anthu akuda a ku North Carolina. Mu 2005, atakumana pa msonkhano wa oimba banjo akuda ku Boone, anayamba kumapita kunyumba kwa gogo wina woimba vayolini, Joe Thompson wa ku Mebane, wobadwa mu 1918, mmodzi mwa otsiriza amene anaphunzira nyimbozi kwa makolo awo. Ankakhala naye pansi n'kumaphunzira ndi khutu, popanda pepala. Pamodzi ndi Dom Flemons anayambitsa gulu la Carolina Chocolate Drops, lomwe linapata mphoto ya Grammy ndi chimbale chawo cha mu 2010. Gogo Thompson anamwalira mu 2012.

Kuchokera apo Giddens wafika kutali. Analandira mphoto ya Pulitzer mu 2023 chifukwa cha sewero loimba lotchedwa Omar, ndipo achinyamata amene munavina Texas Hold 'Em ya Beyoncé mu 2024, banjo yotsegulira nyimbo ija ndi yake. Munthu wofika pamenepo akanatha kulowa mu situdiyo iliyonse yodula. M'malo mwake anatenga banjo, mnzakeyo vayolini, n'kukakhala panja, kuphatikizapo pakhomo pomwe pankakhala malemu Thompson ndi pomwe pankakhala malemu Etta Baker, mayi wodziwika pa gitala. Mukamvetsetsa mumva nyenje zikulira kumbuyo. Sanazichotse.

Ndinene mosabisa kuti chimbalechi si bluegrass yeniyeni. Ndi kaimbidwe kakale kamene kanabala bluegrass, komwe banjo samaikodola ndi zala zitatu monga Scruggs, koma amaigunda chotsitsa ndi msana wa chikhadabo. Palibe wopikisana ndi mnzake, onse awiri amangoyendetsa nyimbo imodzi mobwerezabwereza mpaka phazi lako litayamba kugunda lokha. Mwa zimbale zonse za lero, ichi ndicho ndikuchiika patsogolo.

NYIMBO: Hook and Line, ya Rhiannon Giddens ndi Justin Robinson. Mphindi imodzi ndi theka.

WOWULUTSA: Omvera, ngati maimbidwe amenewo akukumbutsani kena kake, simukulakwa. Banjo inabwereranso ku Africa itavala zitsulo. Kuno kwathu inafika ndi matchona ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, komanso asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo m'ma 1940 ndi 1950 magulu a banjo ndi gitala anali ponseponse m'mabwalo a mowa ndi m'maukwati. Amene analibe ndalama yogulira ankapanga yawo: chitini kapena chigubu, chikopa cha mbuzi, waya wa mabuleki a njinga. A Alan Namoko a ku Thyolo, omwe anali osaona, anaimba banjo ndi gulu lawo la Chimvu Jazz kufikira imfa yawo mu 1995, ndipo chimbale chawo cha Ana Osiidwa chinafika mpaka kwa omvera a ku Ulaya. Sindikunena kuti a Namoko ankaimba bluegrass, ayi. Ndikunena kuti khutu lokulira pa Namoko silingasochere likamva Giddens.

Tipite kwa amene akudzaza mabwalo. Billy Strings, dzina lake lenileni William Apostol, anabadwa mu 1992 ku Michigan, kutali ndi mapiri a Kentucky. Ubwana wake unali wa minga: bambo ake omubala anamwalira ndi mankhwala ozunguza bongo iye ali ndi zaka ziwiri, ndipo vuto lomweli linalowanso m'nyumba imene anakuliramo, nkhani yomwe iye mwini amaifotokoza poyera. Amene anamugwiritsa gitala ndi bambo ake omupeza, a Terry Barber. Lero mnyamatayu amadzaza mabwalo a anthu zikwizikwi ndi zida zomwezija za Monroe, ngakhale kuti nthawi zina amazilumikiza ku timakina tosintha mawu, nyimbo imodzi n'kuitalikitsa kupitirira mphindi khumi. Okonda zakale amang'ung'udza, achinyamata amagula matikiti.

Chimbale chake cha Highway Prayers chinatuluka mu Seputembala 2024, cha nyimbo 20, ndipo chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri, chinthu chomwe bluegrass inali isanachione kwa zaka zoposa 20. Luso lilimo lochititsa kaso, koma kunena zoona chinatalika, mwinamo muli nyimbo zongodzazira. Komanso chinatuluka ku Reprise, nthambi ya kampani yaikulu ya Warner, choncho pa nkhani yodziimira payekha tisamuwerengere. Woyamba kumene ndimamulozera kwa Me/And/Dad cha mu 2022, momwe amaimba ndi a Barber nyimbo zakale zomwe ankaimba limodzi iye ali mwana. Mmenemo safuna kudabwitsa munthu. Mumangomva mwana ndi bambo akudziwana poyambira ndi popumira.

Pambali pake tchulani Molly Tuttle wa ku California, mayi woyamba kusankhidwa kukhala katswiri wa gitala wa chaka ndi bungwe la International Bluegrass Music Association, mu 2017. Zimbale zake ziwiri, Crooked Tree cha 2022 ndi City of Gold cha 2023, zonse zinatenga Grammy. Chimene anatulutsa mu Ogasiti 2025, So Long Little Miss Sunshine, chapendekera ku nyimbo za pop, ng'oma zilimo. Ofuna kumva dzanja lake lamanja likuuluka ayambire pa ziwiri zija.

NYIMBO: Crooked Tree, ya Molly Tuttle ndi Golden Highway. Mphindi imodzi.

WOWULUTSA: Ngati kwanu liwiro silikusangalatsani, mukufuna mawu oziziritsa mtima, ndiye nachi chanu. Alison Krauss, mwini mphoto 27 za Grammy, anabwereranso ndi gulu lake la Union Station mu Malichi 2025 ndi chimbale cha Arcadia, patapita zaka 14 chitulutsireni Paper Airplane mu 2011. Pa dobro pakadali Jerry Douglas. Kusintha kwakukulu n'kwakuti Dan Tyminski, amene ambiri anamva mawu ake mu filimu ya O Brother, Where Art Thou? ya mu 2000, anachokamo, m'malo mwake n'kulowa Russell Moore. Mumvereni Moore mu Granite Mills, nyimbo yakale yosimba za moto umene unapha ogwira ntchito m'fakitale ya nsalu ku Fall River, Massachusetts, mu 1874, ambiri mwa iwo atsikana ndi ana. Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni ya nyimbo za folk: kusunga nkhani za anthu wamba zimene eni fakitale akanakonda kuti ziiwalike. Chimbalechi n'chosalala kwambiri, mwina mopitirira, koma nkhani zake n'zakuda bii.

Tsono tifike pa mawu akuti odziimira paokha. Msika wa nyimbo padziko lonse uli m'manja mwa makampani atatu: Universal, Sony ndi Warner. Woimba amene ali kunja kwa atatuwa, kaya ali ndi kakampani kakang'ono kaya akudzitulutsira yekha, ndiye tikumunena. Malire ake ngosokoneza, chifukwa ngakhale Nonesuch, imene inatulutsa chimbale cha Giddens chija, ndi ya Warner. Koma chitsanzo chosakayikitsa ndi Gillian Welch ndi David Rawlings. Awiriwa ali ndi kampani yawoyawo, Acony Records, ndi situdiyo yawoyawo, Woodland, ku Nashville. Usiku wina mu Malichi 2020 kamvuluvulu woopsa anasasula denga la situdiyoyo, ndipo iwo anachezera kupulumutsa matepi ndi magitala mvula ikuwakhuthukira. Atakonzanso nyumbayo anajambuliramo chimbale chomwe anachitcha dzina lomwelo, Woodland, chotuluka mu Ogasiti 2024, n'kupata nacho Grammy ya folk mu 2025.

Mukamamvera, tsatani gitala ya Rawlings, yakalekale ya m'ma 1930, ya mawu owonda. Amayenda nayo m'mphepete mwa phompho, mpaka umaganiza kuti waphonya, kenaka n'kutera bwinobwino. Mawu a awiriwa amagwirana kwambiri moti nthawi zina sudziwa kuti wapamwamba ndi uti. Ichi si chimbale chomvera mu minibasi. Chimafuna usiku, ana atagona.

NYIMBO: Empty Trainload of Sky, ya Gillian Welch ndi David Rawlings. Mphindi imodzi ndi theka.

WOWULUTSA: Nthawi ikutithawa, choncho ena ndingowatchula mothamanga. Sierra Ferrell wa ku West Virginia, amene anakhala zaka akuimba m'misewu, anatenga ma Grammy anayi mu 2025 pambuyo pa chimbale cha Trail of Flowers, n'chansangala, chovinika. Adrianne Lenker, mu Bright Future cha 2024, anajambula pa tepi ndi anzake ochepa m'chipinda chimodzi, moti mumamva ngakhale kupuma kwake. Ndipo amene muli olimba mtima yesani False Lankum cha gulu la Lankum la ku Dublin, cha mu 2023. Nyimbo zambiri za ku Appalachia zinawoloka nyanja kuchokera ku Ireland, Scotland ndi England, ndipo Lankum imazitenga zakalezo n'kuzilemeretsa ndi mkokomo wochititsa nthumanzi. Si aliyense angachikonde.

Pa shelefu yomweyo ine ndimaikapo Madalitso Band yakwathu. Yobu Maligwa pa babatoni, Yosefe Kalekeni pa gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene, anyamata amene anayambira m'misewu ya Lilongwe. Zimbale zawo za Wasalala mu 2019, Musakayike mu 2022 ndi Ma Gitala mu 2025 zinatulutsidwa ndi Bongo Joe, kakampani kodziimira pakokha ka ku Geneva. Anthu amene amagula Welch ndi Lankum ku Ulaya ndi omwewo amene akugula Madalitso. Zomba Prison Project inafika pa mndandanda wa opikisana pa Grammy mu 2016 podzera njira yofananayo. Ife kuno timakonda kuyamikira zathu zikayamba zaomberedwa m'manja kunja, ndipo chizolowezi chimenechi n'chochititsa manyazi.

Kodi nyimbozi mungazipeze kuti? Zambiri zili pa YouTube ndi Spotify, bola bandulo ikhalepo. Koma dziwani kuti kumvera pa intaneti kumabweretsa ndalama yochepetsetsa kwa woimba wamng'ono. Kuyambira mu 2024, Spotify siilipira kanthu pa nyimbo imene sinamveredwe kokwana ka 1,000 pa miyezi 12. N'chifukwa chake oimba ambiri odziimira paokha amadalira Bandcamp, komwe munthu amagula chimbale ndipo gawo lalikulu la ndalama limapita kwa woimba kapena kakampani kake. Ambirife tilibe khadi yogulira zinthu kunja, ndikudziwa. Koma abale athu a ku Johannesburg, Leeds kapena Dublin amene mukutimvera pa intaneti, inu mulibe chowiringula. Ndipo tonsefe, woimba wakwathu akabwera kudzaimba pafupi, tilipire pakhomo m'malo modikira kukopera nyimbo zake pa fulashi.

Ndinati tibwerera kwa Arnold Shultz. Munthu amene anathandiza kuumba kaimbidwe ka Bill Monroe palibe wamoyo lero amene angakuuzeni mmene gitala yake inkalirira, chifukwa panalibe womujambula. Joe Thompson anapezeka ndi achinyamata atatu akadali ndi mphamvu zogwira uta wa vayolini, n'chifukwa chake nyimbo zake tazimva lero pa wailesi. Inu muli ndi foni m'thumba. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo amene amaimba banjo, bangwe kapena kaligo, pitani mukawapemphe chilolezo, muwajambule. Muwafunse dzina la nyimbo iliyonse, amene anawaphunzitsa, ndi mmene amamangira nsambo zawo. Mukatero tumizani kuno ku wailesi pamodzi ndi dzina lawo ndi mudzi wawo, tidzaziulutsa iwo akumva.

Tikutsekera ndi a Namoko. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

NYIMBO: Ya Alan Namoko ndi Chimvu Jazz, ya m'chimbale cha Ana Osiidwa. Ilire mpaka kumapeto.